Ndalama za penshoni ndi zathu, nanga voti yake akuponya ndani?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya ndalama za penshoni, nkhani imene ife ogwira ntchito timaikumbukira imvi zikayamba kuoneka, pamene ena amaiganizira tsiku ndi tsiku chifukwa ndi imene ikuwadyetsa. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki wa malipiro pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo kwa zaka zambiri, ndipo kwa kanthawi ndinalinso mlembi wa nthambi ya bungwe la ogwira ntchito pamalopo. Ndalama zimene ndikunenazi ndinkazidula ndi dzanja langali mwezi ndi mwezi, dzina ndi dzina, kuyambira kwa akapitawo ndi madalaivala a mathirakitala mpaka kwa alonda ndi anyamata a m'fakitale. Munthu akabwera pa zenera la ofesi kudzafunsa chifukwa chake malipiro ake aperewera, ndinkamuyankha kuti ndalamazo sizinatayike, zasungidwa. Ndikuvomera lero kuti akanandifunsa kuti zasungidwa kuti, ndipo akuzigwiritsa ntchito yanji, ndikanangomuyang'ana kukamwa kuli yasa.

Lamulo la penshoni la mu 2011 ndi limene linakakamiza olemba ntchito kuti aziika K10 pa K100 iliyonse ya malipiro a wantchito ku thumba la penshoni, wantchitoyo n'kuonjezerapo K5, komanso kuti amugulire inshulansi ya moyo yolingana ndi malipiro ake a chaka chimodzi. Lamulo latsopano la mu 2023 linafewetsa zina, monga kulola munthu wopuma ntchito kutenga theka la ndalama zake nthawi imodzi ndiponso kuchepetsa miyezi yodikira kwa amene ntchito yamuthera, ndipo anthu anasangalala nazo. Koma mkangano wathu wonse wakhala wa pakhomo lotulukira, woti munthu atenge zingati ndipo azitenge liti. Zimene zimachitika ndi ndalamazo pa zaka makumi awiri kapena atatu zimene zili m'manja mwa ena, sitifunsa.

Ndalamazo sizigona m'bokosi. Makampani oziyendetsa, monga Old Mutual ndi NICO, amakongoza boma gawo lalikulu kuti lizibweza ndi chiwongoladzanja, gawo lina amamangira kapena kugulira nyumba za maofesi ndi masitolo m'mizinda, ndipo lina amagulira masheya, amene ndi magawo a umwini wa makampani, pa msika wa masheya wa ku Blantyre, umene unayamba kugulitsa masheya mu 1996. Pa msikawo pali National Bank, Standard Bank, NBS, FDH, Illovo, Press Corporation, TNM, Airtel, Sunbird ndi ena ochepa. Tanthauzo lake ndi lakuti mlonda wa pa geti la fakitale ku Makwasa, amene penshoni yake ikudulidwa, ali ndi kagawo, ngakhale kochepa ngati njere ya therere, mu banki imene amaopa kulowamo chifukwa cha nsapato zake, ndiponso mu kampani ya foni imene amaidandaula kuti mayunitsi akutha msanga. Ndipo sheya si pepala lolandirira phindu lokha ayi. Sheya iliyonse ili ndi voti pa msonkhano waukulu wa pachaka wa kampani, kumene amasankha mamembala a bodi, kuvomereza malipiro awo, kusankha owerengera mabuku a chuma, ndi kugwirizana za phindu logawana.

Msonkhano woterewu ndinauona ndi maso anga. Nditapuma ntchito ndinagula timasheya tochepa m'kampani ina, ndipo chaka china ndinati ndikaone zimene eni kampani amakambirana. Ndinakwera minibasi m'bandakucha pa Luchenza, kudutsa Thyolo boma ndi Bvumbwe mpaka ku Limbe, n'kukafika ku hotela kumene kunali msonkhanowo nditavala jekete langa la kutchalitchi. Kumbuyo tinakhala ife a masheya ochepa, aphunzitsi opuma ntchito, amayi awiri amalonda, ndi bambo wina wachikulire amene anafunsa mafunso atatu olemera okhudza ngongole za kampaniyo ndi ndalama zimene mabwana a bodi ankafuna kudzionjezera. Anamuyankha mwaulemu ndithu. Koma itafika nthawi yovota, mlembi wa kampani anangowerenga mavoti amene anali atatumizidwa kale pa mapepala, mamiliyoni ndi mamiliyoni, ochokera kwa eni masheya akuluakulu, pakati pawo oyendetsa ndalama za penshoni, ndipo mfundo iliyonse inadutsa bambo uja asanamalize n'kupukuta komwe magalasi ake. Pasanathe maola awiri tinali panja tikumwa tiyi, mwina wothyoledwa kwathu konkuno. M'chipinda monsemo munalibe ndi mmodzi yemwe woimira mabungwe a ogwira ntchito, chikhalirecho gawo la mavoti amene anadutsitsa mfundozo linagulidwa ndi thukuta la mamembala awo. Pobwerera, minibasi ikukwera mtunda pakati pa minda ya tiyi, ndinkaona amayi ali ndi madengu kumsana ndipo ndinachita manyazi.

Mlandu umenewu sindikuukankhira kwa ena okha, chifukwa nanenso ndili momwemo. Amene anakhalapo mu nthawi ya chipani chimodzi akukumbuka kuti mabungwe a ogwira ntchito anali ngati galu womangidwa pakamwa, kufikira mu 1992 pamene a Chakufwa Chihana, amene anali mtsogoleri wa mabungwewa, anamangidwa atangotsika ndege, ndipo mu Meyi chaka chomwecho sitalaka imene inayambira ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead inafalikira m'malo ambiri a ntchito. Ufulu wokhazikitsa mabungwe ndi wokambirana ndi olemba ntchito unalowa m'lamulo la mu 1996, komabe m'minda ya tiyi zinatenga zaka zina makumi awiri kuti mgwirizano woyamba wa malipiro usainidwe mu 2016 pakati pa bungwe la ogwira ntchito m'minda la PAWU ndi bungwe la eni minda ya tiyi. Sindikupeputsa chipambano chimenecho, pakuti ndikudziwa mmene zinalili kale, pamene bwana ankangolengeza mtengo wa tsiku ndipo wotsutsa ankauzidwa kuti msewu ndi uwo. Koma pa misonkhano yathu ya nthambi tinkakambirana za malipiro a tsiku, za makilogalamu oyenera kukwanitsa, za sikelo yobera, za nyumba zodontha, za nsima ndi nyemba za masana, ndi za tchuthi cha amayi oyembekezera. Penshoni inkatchulidwa pokhapokha wina akamwalira ndipo mkazi wake akuvutika kulandira. Tinkalimbana ndi bwana amene tinkamuona akudutsa pa galimoto, osazindikira kuti mphamvu yambiri inali itasamukira kwa anthu amene sanapondepo m'munda wa tiyi, amene ntchito yawo ndi kugula ndi kugulitsa mapepala a umwini ndi a ngongole.

Choyamba chimene bungwe la ogwira ntchito liyenera kulondera ndi chapafupi kwambiri, ndicho kuona ngati ndalama zodulidwazo zikufika kumene zikuyenera kupita. Mwana wa mlongo wanga anagwira ntchito zaka zinayi pa kampani ina yonyamula katundu, ndipo kapepala kake ka malipiro kankaonetsa mwezi uliwonse kuti penshoni yadulidwa. Ntchito itatha anapita kukafunsa kwa oyendetsa thumbalo, ndipo anamuonetsa pa kompyuta kuti ndalama zinalowa miyezi isanu ndi iwiri yoyamba yokha. Anabwera kwa ine ndi timapepala take tonse m'jumbo ya shuga, tina titafufutika ndi chinyezi cha mvula ya Freddy, n'kunena kuti, “Malume, inu munali kalaliki, tandiwerengereni.” Tinawerenga usiku wonse ndi tochi ya pa foni. Zimene kampaniyo inachita ndi kudzikongoza yokha ndalama za wantchito wake popanda kumupempha ndiponso popanda chiwongoladzanja, zimene ngakhale wakatapila wa pa msika wa Goliati sangalole kuti zimuchitikire. Banki yaikulu ya Reserve, imene imayang'anira matumba a penshoni, yakhala ikudandaula za olemba ntchito osapereka ndalamazi, koma ili ndi maso ochepa, pamene bungwe la ogwira ntchito lili ndi maso pa malo alionse a ntchito. Mlembi wa nthambi atamapempha umboni wa ndalama zotumizidwa miyezi itatu iliyonse, n'kuupachika pa bolodi pafupi ndi chikalata cha malipiro, chinyengo chotere sichingathe chaka chisanadziwike.

Chachiwiri ndi mphamvu ya ndalamayo. Kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense wogula feteleza, malata kapena simenti akudziwa chimene chinatsatira. Munthu amene anasunga ndalama zokwana kumangira nyumba ya njerwa zowotcha angapeze kuti tsiku lopuma zikungokwana maziko ndi mazenera. Apa m'pamene funso loti ndalama zaikidwa kuti limasanduka funso la nsima. Ngati phindu limene thumba lalengeza pa chaka lili pansi pa kukwera kwa mitengo ya zinthu, ndiye kuti wantchito wasauka ngakhale nambala ya pa sitetimenti yake yakula. Ndipo pa phindulo oyendetsa thumba amayamba atapapo malipiro awo, chaka chabwino ndi choipa chomwe. Malipiro amenewo ndi angati pa K100 iliyonse? Ndi mamembala angati amene angayankhe? Sitetimenti imabwera m'Chingerezi cha akatswiri a zachuma, kwa anthu amene ambiri amayankhula Chichewa ndi Chilomwe, ndipo ine amene ndinakalamba ndi manambala ndimachita kuibwereza katatu kuti ndiimve.

Maiko ena anaphunzira zimenezi atapsa kale. Ku Britain, mwini nyuzipepala ya Daily Mirror, Robert Maxwell, atamwalira mu 1991 zinadziwika kuti anali atatapa mapaundi mamiliyoni mazanamazana m'thumba la penshoni la antchito ake pofuna kuchirikiza makampani ake amene ankamira m'ngongole, ndipo lamulo la mu 1995 linapatsa mamembala ufulu wosankha gawo limodzi mwa magawo atatu a matrasti oyang'anira thumba lawo. Ku South Africa lamulo limapatsa mamembala ufulu wosankha theka la bodi ya thumba. Ku America, matumba a penshoni a aphunzitsi ndi antchito a boma m'madera angapo anachotsa ndalama zawo m'makampani ochita malonda ndi boma la tsankho la South Africa m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 2021 matumba akuluakulu a ku California ndi New York anathandiza kagulu kakang'ono ka eni masheya kulowetsa anthu atatu mu bodi ya kampani ya mafuta ya ExxonMobil, akuluakulu a kampaniyo asakufuna. Ifenso tili ndi phunziro lathu lowawa, la madala athu amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi Teba, amene ambiri akalamba ndipo ena amwalira akudikirabe ndalama zimene zinasungidwa m'dzina lawo kutali ndi maso awo.

Komabe sindikufuna kunamiza owerenga kuti wantchito akangokhala ndi voti ndiye kuti zonse zayera, chifukwa nkhaniyi ili ndi mfundo yovuta kumasula. Phindu limene thumba langa limalandira ku banki limachokera ku chiwongoladzanja chimene mphunzitsi wa ku Chitakale akulira nacho pa ngongole yake ya pa malipiro. Phindu la kampani ya shuga limakula mtengo wa shuga ukakwera mu golosale ya pa Limbuli, kapena odula nzimbe ku Nchalo akalandira zochepa. Chiwongoladzanja chimene boma limalipira matumba a penshoni chimachokera ku misonkho yathu yomwe, ndipo ndalama imene yapita kumeneko siyinagule mankhwala a m'chipatala cha boma. Ndiponso banki ikaona kuti kukongoza boma kuli ndi phindu lalikulu popanda chiopsezo, ilibe chifukwa chovutikira ndi mlimi wa tiyi wa munda waung'ono amene akufuna ngongole yogulira mbande. Choncho munthu mmodzi yemweyo, ngati wosunga penshoni amafuna phindu likwere, koma ngati wantchito, wogula ndi wokongola amafuna litsike. Ku South Africa zimenezi zinaonekera poyera, pakuti apolisi atapha anthu 34 ogwira ntchito mu mgodi wa Lonmin ku Marikana pa 16 Ogasiti 2012, patangopita zaka zitatu bungwe la PIC, limene limayendetsa penshoni za antchito a boma kuphatikizapo apolisi, linakhala mwini masheya wamkulu wa kampani yomweyo. Bungwe lomwelo linataya mabiliyoni a marandi pamene kampani ya Steinhoff inagwa mu Disembala 2017 chifukwa cha chinyengo cha m'mabuku a chuma. Kukhala ndi masheya ambiri sikunawapatse maso.

Ena adzanena kuti ndalama za ukalamba si zoseweretsa pa ndale za mabungwe, ndipo kuti udindo wa trasti ndi kupezera mamembala phindu basi. Mawuwa ali ndi nzeru, ndipo ine ndingakhale woyamba kukana ngati mtsogoleri wa bungwe atafuna kuti thumba ligule nyumba ya mnzake pa mtengo wokwera, kapena likongoze kampani yakufa pofuna kusangalatsa andale. Atsogoleri a mabungwe nawonso ndi anthu, ndipo taonapo ena akuzizira atangolawa ndalama za alawansi za misonkhano ya ku nyanja. Koma kufunsa chifukwa chimene mkulu wa kampani akulandira pa mwezi ndalama zimene wothyola tiyi sangazipeze pa zaka makumi angapo si ndale, ndi kuteteza phindu la mwini sheya. Kufunsa ngati kampani ikupereka penshoni za antchito ake, ngati ikulemba anthu pa makontirakiti a miyezi yochepa chaka ndi chaka pozemba udindo, kapena ngati a bodi akuchita malonda ndi makampani a abale awo, ndi kufunsa za ngozi zimene mawa zingagwetse mtengo wa masheyawo. Mafunso amenewa bungwe la MISALICO, la eni masheya ang'onoang'ono, limayesetsa kufunsa ena mwa iwo, koma mavoti ake ndi ochepa. Mavoti ochuluka ali ndi oyendetsa ndalama zathu, ndipo ena mwa iwo ali m'banja limodzi la makampani ndi mabanki kapena makampani a nyumba amene akuikamo ndalamazo. Sindikunena kuti alakwa. Ndikunena kuti pamene mlonda ndi mwini nkhokwe ali pachibale, mwini chimanga ayenera kumasuzumiramo yekha.

Kwa ife a ku Thyolo ndi Mulanje pali chinthu china chowawa. Palibe kampani ya tiyi ndi imodzi yomwe pa msika wa masheya wa ku Blantyre. Minda ina ndi ya mabanja, ina eni ake ali kunja, monga Eastern Produce imene ili pansi pa Camellia, kampani imene masheya ake amagulitsidwa ku London. Kotero penshoni ya wantchito wa pa esiteti ingamupatse kagawo mu banki kapena mu hotela ya ku Mangochi, koma osati m'munda umene agogo ake analima pa thangata ndipo iye akuthyolamo lero. Amene ali ndi voti pa mundawo angakhale wopuma ntchito wa ku Britain amene sadziwa kuti Ruo ndi mtsinje kapena phiri. Apa njira yokhayo ndi ubale wa mabungwe athu ndi anzawo a kunja, amene angathe kuimirira pa msonkhano wa ku London n'kufunsa m'malo mwathu. Ndipo tisaiwale kuti mwa anthu pafupifupi 50,000 amene amagwira ntchito m'minda ya tiyi nthawi ya dzinja, ambiri ndi olembedwa kwa nyengo yokha, amene masamba akachepa amabwerera kumudzi popanda thumba lililonse lolembedwa dzina lawo. Mayi amene wathyola tiyi nyengo khumi ndi zisanu zotsatizana sangatchedwe mlendo pa esiteti, ndipo nkhani yake iyenera kukhala pa tebulo la zokambirana patsogolo pa nkhani ya mavoti.

Pempho langa likupita kwa a MCTU, bungwe lalikulu logwirizanitsa mabungwe a ogwira ntchito m'dziko muno, ndi mabungwe onse amene ali pansi pawo, kuphatikizapo a aphunzitsi ndi antchito a boma amene achinyamata awo tsopano akudulidwa penshoni ngati ife. Pa zokambirana za malipiro zikubwerazi, aikepo mfundo yoti ogwira ntchito akhale ndi mawu posankha kampani yoyendetsa penshoni yawo, ndiponso kuti akhale ndi owaimira osankhidwa ndi iwo eni, ophunzitsidwa kuwerenga mabuku a chuma, osati ongopita kukadya nkhuku. Apemphe kuti woyendetsa thumba aliyense azisindikiza chaka ndi chaka mmene anavotera pa msonkhano wa kampani iliyonse, mfundo ndi mfundo, pakuti voti yoponyedwa m'dzina langa siyenera kukhala chinsinsi kwa ine. Aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo ndi a banki ya Reserve angathe kuika zimenezi m'malamulo popanda kuonongapo tambala ya boma. Nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo ife tisadikire Maxwell wathu.

Inunso a nyuzipepala muli ndi gawo lanu. Zidziwitso za misonkhano ya pachaka ya makampani zimatuluka m'masamba a Chingerezi, m'zilembo zing'onozing'ono, pamodzi ndi fomu yotumira munthu wina kukavota m'malo mwako. Bwanji osamatilembera m'Chichewa kuti kampani yakuti ikukumana tsiku lakuti, mfundo zokavotera ndi izi, ndipo matumba a penshoni ali ndi gawo lotere m'kampanimo? Fomu yanga ya chaka chino ndaisunga m'Baibulo. Ndalankhula kale ndi mlembi wa nthambi amene analowa m'malo mwanga, mtsikana wakhama amene anayamba ngati woyeza masamba pa sikelo, ndipo wavomera kuti ndilembe dzina lake pa fomuyo kuti akalowe m'chipinda chija ndi timasheya tangato, akafunse funso limodzi lokha. Ndalama ya minibasi yopita ndi yobwerera ndimulipirira ndine.

Kalaliki wopuma ntchito,
Luchenza, Thyolo